Mmene mungajambulire msonkhano wa tsiku lonse popanda kanema kudukira pakati

Msonkhano waukulu wa pachaka wa bungwe, sinodi ya mpingo, zokambirana za khonsolo kapena bwalo la mafumu pa nkhani ya malo sizitha pa nthawi imene yalembedwa pa ajenda. Wapampando akalengeza kuti anthu abalalika 12 koloko, wojambula ayenera kukonzekera ngati adzatuluka dzuwa litapendeka. Kanema wa ukwati akaduka pang'ono anthu sadandaula kwambiri, koma kanema wa msonkhano ndi umboni, ndipo mphindi ziwiri zimene zasowa zikhoza kukhala zomwe zija msungichuma anatchula ndalama zotsala m'thumba, kapena pamene anthu anakweza manja povomereza mfundo imene mawa lake ena adzaikana.

Kale chimene chinkadula kanema chinali tepi. Tepi ya MiniDV, imene inabwera mu 1995, inkatenga mphindi 60, ndipo ukaika kamera pa LP, pamene tepi imayenda pang'onopang'ono, inkafika mphindi 90, ngakhale kuti zojambulidwa pa LP nthawi zambiri zinkavuta kuonera pa kamera ina yosiyana ndi imene inajambula. Tepi ya VHS yolembedwa E-180 inkafika maola atatu. Ola likakwana, wojambula ankatsegula kamera, kutulutsa tepi, kuchotsa pepala la pulasitiki pa ina yatsopano ndi kudikira kuti makina aikoke, pamene wolankhula akupitiriza mawu ake osadikira munthu. Masiku ano makamera ambiri alibe tepi, koma malire sanathe. Anangosamukira ku kukula kwa khadi, kukula kwa fayilo, nthawi imene kamera imaloledwa kujambula, batire, kutentha ndi magetsi, ndipo kanema wanu adzatalika kufika pamene chimodzi mwa zimenezi chidzayambe kugonja. Ntchito yanu ndi kuchipeza chimenecho tsiku la msonkhano lisanafike.

Ngati mudakali ndi kamera ya tepi

Mipingo ndi mabungwe ena akusungabe makamera a MiniDV amene amajambula bwino. Kamera yotere ikhoza kugwira ntchito popanda tepi ngati muilumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha FireWire, chimene Sony inkachitcha i.LINK. Kamera imangokhala diso, ndipo zithunzi ndi mawu zimapita molunjika m'kompyuta, mmene pulogalamu yojambulira imazisunga kwa nthawi yonse imene malo alipo. Tulutsani tepi musanayambe, chifukwa makamera ambiri amazima okha akakhala mphindi zochepa ali ndi tepi koma osajambula. Lowaninso mu menyu ndi kuthimitsa chimene chimalembedwa kuti Demo Mode, apo ayi kamera ikaona kuti mulibe tepi imayamba kuonetsa zithunzi zodzitsatsa, ndipo zimenezo zikhoza kulowa m'kanema wanu.

Kanema wa DV, amene makamera a MiniDV amatulutsa, amadya malo okwana pafupifupi 13 GB pa ola, kotero msonkhano wa maola 6 ufuna 78 GB. Chovuta chenicheni n'chakuti malaputopu atsopano alibe polowetsa FireWire, ndipo tizingwe totchipa timene amati timasandutsa FireWire kukhala USB sitigwira ntchito imeneyi. Kompyuta yaikulu ya pa tebulo ikhoza kuikidwa khadi la FireWire mkati mwake. Njira ina ndi kutenga zithunzi kudzera pa chingwe chija cha mitu itatu, wachikasu, woyera ndi wofiira, kupita ku kachipangizo kolowetsa kanema m'kompyuta kudzera pa USB, ngakhale kuti chithunzi chimafooka pang'ono. Ngati zipangizo zimenezi muli nazo kale, zigwiritseni ntchito. Ngati n'zofunika kugula, maganizo anga ndi akuti ndalamayo muisungire kamera ya khadi.

Kuwerengera malo pa khadi

Pa kamera ya memori khadi, choyamba ndi masamu osavuta. Mu menyu muli nambala yosonyeza kuchuluka kwa zimene kamera imalemba pa sekondi iliyonse, yolembedwa ndi Mbps. Chulukitsani nambalayo ndi 0.45, ndipo mupeza ma GB amene ola limodzi lidzadye. Kamera yosunga kanema m'njira yotchedwa AVCHD ikakhala pa 24 Mbps imadya 10.8 GB pa ola, kutanthauza kuti maola 6 akufuna pafupifupi 65 GB, ndipo khadi la 64 GB lidzadzaza msonkhano usanathe. Mukatsitsa kufika pa 17 Mbps, ola limadya 7.65 GB, ndipo khadi lomwelo lipirira maola oposa 7. Kujambula chithunzi chakuthwa kwambiri cha 4K pa 100 Mbps kumadya 45 GB pa ola, ndipo pa msonkhano wa anthu okhala pamipando kumeneko ndi kutaya malo komanso kutenthetsa kamera pachabe. Chithunzi chocheperapo cha 1080p n'chokwanira kuti nkhope ya wolankhula ndi manja okwezedwa zioneke bwino. Mukawerengera maola amene mwauzidwa, onjezerani theka lake lina.

Pali malire ena amene amadzidzimutsa anthu. Makhadi a SDHC, amene amalekeza pa 32 GB, amakonzedwa m'njira yotchedwa FAT32, imene siilola fayilo imodzi kuposa 4 GB. Makhadi a SDXC, amene ndi oposa 32 GB, amagwiritsa ntchito exFAT, imene ilibe vuto limeneli. Makamera ambiri opangidwira kanema akafika pa malirewo amatseka fayilo ndi kutsegula ina mwakachetechete popanda kutaya kanthu, kotero mumapeza mafayilo angapo otsatizana, koma makamera ena ndi mafoni ena akale amangoima osanena kanthu. Vuto lomweli limagwira amene akujambulira m'kompyuta n'kumasunga pa fulashi kapena hadi disiki ya FAT32, pakuti kanema wa DV amakwanitsa 4 GB mphindi 20 zisanakwane. Pa Windows sungani pa disiki yokonzedwa m'njira ya NTFS kapena exFAT.

Ngati kamera yanu ndi ya zithunzi, monga ma DSLR ambiri a Canon ndi Nikon amene ojambula maukwati amakonda, dziwani kuti ambiri mwa iwo amasiya kujambula pa mphindi 29 ndi masekondi 59, ngakhale khadi likhale lopanda kanthu. Chifukwa chachikulu chinali msonkho: mayiko a European Union ankaika kamera yojambula mphindi 30 kapena kuposerapo m'gulu la makamera a kanema, amene ankalipira msonkho wokwera, ndipo opanga makamera anasankha kuika malirewo. Makamera ambiri atsopano alibenso malire amenewa, koma akale amene ali m'manja mwa anthu akadali nawo. Ndi kamera yotere muli ndi njira ziwiri, kukhala pafupi n'kumadina batani mphindi 30 zisanakwane pa nthawi imene wolankhula wapuma, kapena kutumiza chithunzi ku kompyuta monga ndifotokozere m'munsimu.

Za khadi lenilenilo, gulani kwa wogulitsa wodalirika, chifukwa makhadi achinyengo ndi ambiri. Khadi lotere limalembedwa 128 GB, kompyuta n'kuonetsanso 128 GB, pamene mkati mwake muli malo ochepa kwambiri, ndipo malo enieniwo akadzaza zimene mukujambula zimatayika kamera ikuonetsabe kadontho kofiira kosonyeza kuti ikujambula. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza khadi lonse ndi kuliwerenganso, ndipo imaulula bodza limeneli. Sankhani khadi lolembedwa U3 kapena V30, kusonyeza kuti limatha kulandira 30 MB pa sekondi mosalekeza, ndipo mulifomate, kutanthauza kulifufuta lonse, m'kamera momwemo usiku woti mawa ndi msonkhano, mutatsimikiza kuti zakale munazikopera. Ngati kamera ili ndi malo a makhadi awiri, imatha kupitiriza pa lachiwiri loyamba likadzaza, kapena kulemba pa onse awiri nthawi imodzi. Makhadi akakhala aakulu mokwanira, ine ndingasankhe kulemba pa onse awiri.

Kujambulira m'kompyuta

Njira imene imachotsa malire ambiri nthawi imodzi ndi kulumikiza kamera ku laputopu. Chingwe cha HDMI chimachoka ku kamera kupita ku kachipangizo kotchedwa capture card, ndipo iko kamalowa pa USB. Pa laputopu ikani OBS Studio, pulogalamu yaulere imene imagwira pa Windows, macOS ndi Linux. Popeza kamera siikulemba pa khadi lake, malire a mphindi 30 nthawi zambiri sakukhudzani. Onetsetsani zinthu ziwiri pa kamerayo: kuti imatha kutulutsa chithunzi choyera chopanda timanambala ta batire ndi nthawi, komanso kuti mwathimitsa kozimitsa kamera ikakhala osakhudzidwa. Makamera ena a zithunzi amatsekabe chithunzi pakapita nthawi ngakhale mutatero, n'chifukwa chake kuyesa n'kofunika.

Mu OBS sankhani kuti kanema asungidwe ngati fayilo ya mtundu wa MKV osati MP4. Fayilo ya MP4 yachizolowezi imalemba mndandanda wa zimene zili mkati mwake pamapeto, munthu akadina batani loimitsa, kotero laputopu ikazima mwadzidzidzi pa ola lachisanu, fayilo yonse imakana kutseguka. Fayilo ya MKV imatseguka mpaka pamene zinthu zinadukira. Mukamaliza, OBS ili ndi malo olembedwa Remux Recordings, amene amasandutsa MKV kukhala MP4 m'kanthawi kochepa popanda kuwononga chithunzi. Pulogalamuyi imathanso kugawa kanema yokha, mwachitsanzo ola lililonse, zimene zimapeputsa ntchito yokopera ndi yofufuza. Pa kamera yoima malo amodzi, 8 Mbps ndi yokwanira pa 1080p, ndipo imadya 3.6 GB yokha pa ola.

Laputopu nayo iyenera kukonzedwa. Iuzeni kuti isagone, imitsani Windows Update tsiku limenelo, tsekani mapulogalamu ena onse, ndipo musalole munthu kubwera ndi fulashi yake kuti mumukoperere lipoti pakati pa msonkhano. Ngati kamera imalola kulemba pa khadi pamene ikutumizanso chithunzi pa HDMI, chitani zonse ziwiri.

Foni nayo imatha kujambula maola angapo ngati ili ndi malo, ndipo imathandiza ngati kamera yachiwiri. Iikeni pa Airplane Mode kuti kuitana kusadule kanema, ichotseni m'chikwama chake kuti isatenthe, ndipo ilumikizeni ku pawabanki kuyambira pachiyambi.

Magetsi ndi kutentha

Batire la kamera lokha silingapirire tsiku lonse, choncho kamera iyenera kudya magetsi a pakhoma kudzera pa adaputa yake. Koma kuno kwathu magetsi amatha kuthima nthawi ina iliyonse, ndipo ngakhale malo a msonkhano akhale ndi jenereta, pamapita masekondi kapena mphindi kuti ilire. Kanthawi kameneko n'kokwanira kuzimitsa kamera ndi kuwononga fayilo imene imalembedwa. Musaganize kuti batire limene lili m'kamera lidzalandira ntchito lokha. Pa makamera ena, malinga ngati adaputa yalowetsedwa, kamera siitenga mphamvu ku batire ngakhale magetsi a pakhoma atathima. Yesani kunyumba: yambani kujambula batire lili momwemo, kenaka thimitsani swichi ya pa soketi, muone ngati kadontho kofiira kakupitiriza. Makamera amene amalandira magetsi kudzera m'chinthu chooneka ngati batire cholowetsedwa pamalo a batire lenileni amazima nthawi yomweyo.

Mankhwala ake ndi kuika chosunga mphamvu pakati pa khoma ndi kamera, kaya ndi UPS, bokosi la batire limene limapitiriza kupereka magetsi ku kompyuta akathima, inveta yokhala ndi batire, kapena pawabanki yaikulu ngati kamera imalola kujambula ikulandira mphamvu pa USB. Laputopu ili ndi mwayi woti batire lake limalandira ntchito lokha, malinga ngati silinafe kale. Nthambo zonse zodutsa pansi zimatidwe ndi tepi yomatira, makamaka pa njira imene anthu amadutsa popita kukamwa tiyi, chifukwa phazi limodzi lokoka ekisitenshoni limachita zomwe kuthima kwa magetsi kumachita.

Kutentha ndi mdani wina amene sachedwa kuonekera m'holo ya malata mwezi wa October, makamaka kumadera otentha monga Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Karonga. Makamera aang'ono a zithunzi ndi mafoni amaonetsa chizindikiro cha kutentha kenaka n'kuzima. Musaike kamera pafupi ndi zenera limene dzuwa lidzalowere masana, tsegulani sikirini yake kuti isatsamire pa thupi la kamera, ndipo ngati pali fani, iimikeni chapafupi koma osati moyang'anizana ndi maikolofoni. Kamera yopangidwira kanema, ngakhale yotchipa, imapirira maola ambiri kuposa kamera yodula ya zithunzi, ndipo pa ntchito ya misonkhano kupirira ndiko kumafunika kwambiri.

Mawu ndiwo msonkhano

Anthu adzakhululuka chithunzi chakuda pang'ono, koma kanema wa maola 6 amene mawu ake sakumveka alibe ntchito kwa mlembi kapena kwa wina aliyense. Maikolofoni ya pa kamera imamva zimene zili pafupi nayo, ndiye kuti kamera ikaima kumbuyo kwa holo idzajambula kukhosomola, mipando yokokedwa ndi manong'onong'o a okhala pamzere womaliza, pamene mawu a wapampando adzamveka ngati akuchokera kutali. Ngati pali zokuzira mawu, fikani msanga ndi kulankhula ndi amene akuyendetsa mikisa, makina osonkhanitsa mawu a maikolofoni onse, mumupemphe chingwe chochokera pa malo otulutsira mawu a makina ake. Musachite manyazi kupempha, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chenjerani kuti mawu ochokera pa mikisa amakhala amphamvu kwambiri kuposa a maikolofoni, kotero mukawalowetsa pa bowo la maikolofoni la kamera amasweka n'kumamveka mokalipa. Ngati kamera ili ndi posankha pakati pa Mic ndi Line, sankhani Line, ndipo ngati ilibe, pemphani kuti atsitse mawu amene akukutumizirani. Timizere tosonyeza kukwera kwa mawu tizifika cha pa -12 dB munthu akalankhula mokweza.

Mikisa imangopereka mawu a anthu amene agwira maikolofoni, pamene pa misonkhano yathu anthu ambiri amaimirira n'kufunsa funso ali pamalo awo. Pemphani wapampando msonkhano usanayambe kuti aliyense azidikira maikolofoni ndi kutchula dzina lake asanalankhule, kapena kuti iwo azibwereza funso asanaliyankhe. Ikaninso chojambulira mawu chapadera, ngakhale foni, pa tebulo la kutsogolo kapena pakati pa anthu. Mawu okha sadya malo ambiri, pakuti fayilo ya WAV ya 48 kHz, 16-bit, ya mbali ziwiri imadya pafupifupi 690 MB pa ola. Chojambulirachi chimatseka mipata yonse, chifukwa ngakhale kamera itaima mphindi imodzi posintha khadi, mawu amakhala alipo. Pachiyambi pa chigawo chilichonse ombani m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti podzalumikiza mawu ndi chithunzi mudzapeze poyambira. Valani mahedifoni nthawi yonse, chifukwa batire la maikolofoni yopanda chingwe likatha, kapena chingwe chikayamba kulira, khutu ndi limene limadziwa msanga.

Kuyesa, ndi tsiku lenileni

Masiku awiri kapena atatu msonkhano usanafike, lumikizani zonse monga zidzakhalire, lozetsani kamera pa wotchi ya pakhoma wailesi ikulira chapafupi, ndipo muisiye ijambule maola ofanana ndi a msonkhanowo. Kuyesa kwa mphindi 10 sikungakuonetseni malire a mphindi 30, kutentha kwa pa ola lachitatu kapena khadi lachinyengo. Mukamaliza, tsegulani mafayilo ndi kuona ngati muvi wa masekondi ukudumpha pamene fayilo ina ikuthera ndi ina kuyamba.

Pa tsikulo imikani kamera pa choimikira cha miyendo itatu, pamalo okwera pang'ono kuti mitu ya anthu isatchinge, mawindo ali kumbuyo kwanu kuti nkhope zisade. Magetsi a ku Malawi ndi a 50 Hz, choncho ikani kamera pa zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi ndi shutter, nthawi imene chithunzi chilichonse chimalandira kuwala, ya 1/50, chifukwa kamera yogulidwa ku America imene ili pa 30 kapena 60 imatha kuonetsa mizere yothwanima pansi pa mababu ena. Konzani deti ndi nthawi m'kamera kuti zikhale zolondola. Mukaika focus, imene imachititsa chithunzi kuoneka chakuthwa, pa tebulo la kutsogolo, itsekeni kuti isamasakesake munthu akadutsa. Pewani kuyendetsayendetsa kamera, ndipo pa nthawi ya voti tambasulani chithunzi kuti holo yonse ioneke.

Anthu ayenera kudziwa kuti akujambulidwa. Wapampando alengeze pachiyambi, anene amene adzasunge kanemayo ndi ntchito imene adzagwire, ndipo mugwirizane pasadakhale chochita ikafika nkhani ya chinsinsi monga mlandu wa membala. Mukauzidwa kuimitsa, mawu olamula zimenezo alowe m'kanema musanadine batani, kuti pasadzapezeke wonena kuti munadula dala.

Gwiritsani ntchito nthawi yopuma. Anthu akatuluka kukamwa tiyi kapena kukadya nkhomaliro, imitsani kujambula kuti fayilo itsekedwe bwino, onani malo otsala, sinthani mabatire a maikolofoni, ndipo muyambenso anthu asanakhale pansi. Khadi likatuluka m'kamera, tsitsani kaloko kake ka m'mbali ndi kuliika m'envelopu yolembedwa. Khalaninso ndi kope limene muzilembamo nthawi ya pa wotchi ndi chimene chikuchitika, monga 10:42 lipoti la zachuma, 14:15 chisankho. Mlembi akadzafuna mfundo imodzi m'kanema wa maola 7, kope limeneli lidzamupulumutsa ku ntchito ya tsiku lathunthu.

Msonkhano ukatha

Kopererani zonse tsiku lomwelo. Pa makamera a AVCHD tengani foda yonse yolembedwa PRIVATE monga ilili, osangotola mafayilo a MTS okha, chifukwa timafayilo tina ta m'menemo ndi timene timauza pulogalamu mmene zidutswa zimalumikizirana. Tsegulani fayilo iliyonse ndi pulogalamu yoonera kanema ya VLC, muone poyamba, pakati ndi pomaliza, ndipo musafomate khadi mpaka kanema atakhala pamalo awiri osiyana, mwachitsanzo pa laputopu ndi pa hadi disiki imene ikasungidwe nyumba ina. Zidutswa zotsatizana zikhoza kulumikizidwa ndi pulogalamu yaulere ya LosslessCut popanda kufooketsa chithunzi. Ngati kanema ayenera kutumizidwa pa intaneti kwa mamembala amene ali kutali, pangani fayilo ina yopepuka ndi pulogalamu ya HandBrake pa 720p, mugawe motsatira mitu ya ajenda kuti munthu asathe bandulo yake potsitsa maola onse pamene akufuna mutu umodzi. Dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka dzina la msonkhano ndi nambala ya chigawo, ndipo mafayilo oyambirira asungidwe osadulidwa m'manja mwa mlembi wa bungwe, pamodzi ndi chithunzi cha masamba a kope lanu la nthawi.